Pakhonde pa Azakhali: Filiji ikupita ku Lunzu, mwini wake akutsala ku Joni

Azakhali okondedwa,

Ndine bambo wa ana awiri, kwathu ndi ku Lunzu koma ndakhalitsa ku Joni. Ndimakonza mathiraki pa galaja ina ku Germiston. Nditagwira ntchito zaka zisanu ndi pemiti, Mulungu anandiona, ndinalandira chiphaso chokhala m'dziko muno mpaka kalekale, chija timangoti PR. Mayi a kunyumba ndi ana nawonso analandira zawo pambuyo pake.

Nyumba imene tinkamanga kumudzi yatha. Tapangana kuti mayi ndi ana atsogole akalowemo, ine ndizipitapita, mwina m'tsogolomu ndidzawatsatira. Tikufuna kusamutsa katundu yense: filiji ya zitseko ziwiri, masofa, mabedi, makina ochapira, TV, zitsulo zanga za ntchito ndi kapikapu kanga. Tagulanso mbaula ndi masola atsopano.

Vuto ndi anzanga, aliyense akunena zake. Wina akuti a Home Affairs akangoona katundu wa m'nyumba akutuluka pa Beitbridge amafufuta PR yako pompo. Wina akuti ndikafika pa Mwanza ndikanene kuti ndabwereratu, sindikalipira msonkho. Wachitatu akuti zinthu zatsopanozo ndikaitanitse VAT pa boda, andibwezera. Wachinayi akuti ngakhale nditakhalitsa kumudzi palibe vuto, pasipoti ndizingopatsira adalaivala a basi azikadinditsa.

Ndithandizeni Azakhali. PR yangayi ndinaivutikira, sindikufuna kuitaya chifukwa cha masofa.

Wothedwa nzeru, Germiston

Mwana wa achimwene anga,

Landira moni, ulandirenso nthungululu chifukwa chomaliza nyumba. Anzako ambiri a ku Joni nyumba zawo zinathera pa lintala, pabalaza panamera chisoso, mbuzi za aneba ndiye zikuchita lendi yaulere. Iwe wafolera mpaka kuika zitseko. Wakula ndithu.

Koma anzako anayiwo mumakumana kuti? Ndikufunsa dala, chifukwa nzeru zimenezi zikununkha Loweruka madzulo, botolo lachitatu litatsika. Taziika pamodzi umve mmene zikumvekera. Pa Beitbridge ukakhale mlendo wodzagula zinthu kuti akubwezere VAT. Ku Home Affairs ukhale mkhalakale wosasuntha. Pa Mwanza ukakhale mtchona wolapa, wobwerera kwawo osadzacheukanso. Munthu mmodzi, pasipoti imodzi, nkhope zitatu. Agogo ako ankati mapanga awiri avumbwitsa, iwe wapeza lachitatu.

Tiyambe tamasula mfundo imene wadzimanga nayo. Pa boda iliyonse pali anthu a mitundu iwiri, aliyense ndi windo lake. Ena amayang'ana munthu: nkhope, pasipoti, tsiku lolowa, tsiku lotuluka. Ena amayang'ana katundu: n'chiyani, n'cha yani, chikupita kuti, msonkho wake ndi zingati. Ku South Africa za munthu ndi za Home Affairs, ndipo pa chipata penipenipo kuyambira 2023 amene amadinda ndi a Border Management Authority. Za katundu ndi za SARS. Ukawoloka Limpopo katunduyo akumana ndi ZIMRA, pa Cuchamano akumana ndi a kasitomu a ku Mozambique, pa Mwanza akumana ndi MRA yathu. PR yako ili m'manja mwa gulu loyamba lija, ndipo iwowo alibe nazo ntchito kuti filiji yagona ku Germiston kapena ku Lunzu. Amawerenga kumene wagona iweyo.

Lamulo lake ndi Immigration Act ya 2002, ndipo gawo 28 ndi limene limatchula zifukwa zimene boma lingakulande nazo PR. Kupezeka wolakwa pa milandu ikuluikulu. Kuphwanya zimene anakulembera pa chiphasocho. Kupatsidwa chiphaso koma osakakhala m'dzikomo mpaka chaka kutha. Ndiye pali ichi chimene chikugogoda pakhomo pako: kukhala kunja kwa South Africa kupitirira zaka zitatu. Ndawerenga nditavala magalasi, ndawerenganso nditavula, mawu oti sofa mulibemo. Mnzako woyambayo umugulire madzi ozizira, apume.

Zaka zitatuzo ndiye uzigwire ndi manja awiri. PR ili ngati munda umene amfumu anakupatsa: palibe amakufunsa kuti khasu umasunga kuti, koma ukausiya thengo zaka zitatu, usadabwe pomva kuti si wakonso. Lamulo lomwelo lili ndi timipata take. Ngati pali chifukwa chomveka ukhoza kupempha mkulu wa Home Affairs, uja amati Director-General, kuti akuwonjezere nthawi, koma upemphe zakazo zisanathe, osati utakanizidwa kale pa windo. Komanso nthawi siwerengedwa ngati uli kunja potumidwa ndi boma la South Africa, kapena ndi kampani ya konko, kapena ngati ukukhala ndi mkazi kaya mwamuna amene ndi nzika ya South Africa. Kukayang'anira chimanga ku Lunzu mulibemo. Kukadikirira kuti apongozi achire bondo mulibemonso, pokhapokha utalemba kalata ija pasadakhale.

Pepala limeneli usaliyese chinthu wamba. Agogo ako a Wenela ankapita ku migodi ya ku Joni pa kontirakiti, ikatha ankawapakira kubwerera atanyamula bokosi lachitsulo, bulangete, wayilesi ndi chifuwa cha mumgodi, popanda wowafunsa ngati akufuna kutsala. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi, Kamuzu anatseka njirayo, anthu n'kungoti kakasi. Lero anzako ambirimbiri amalowa ndi masiku 30 a mlendo, akatha amayenda chozemba, akaona galimoto ya polisi mtima uli phaphapha. Iwe umayenda chifuwa chili patsogolo. Ndiye mantha akowo ndikuwamvetsa.

Chimene sindikumvetsa n'chakuti kalata yonseyi yadzaza ndi "PR yanga, PR yanga". Nanga ya mayi a kunyumba? Nanga za ana? Apatu ndi pamene pagona nkhani, ndipo anzako anayi aja palibe ndi mmodzi yemwe waiona. Iwe uzikhala ku Germiston, uzipita kumudzi pa Khirisimasi ndi pa maliro, masiku ako ali bwinobwino. Koma mkazi wako ndi anawo aliyense ali ndi chiphaso chakechake, ndipo wotchi ya aliyense iyamba kuyenda tsiku limene adzawadinde potuluka pa Beitbridge. Kukhala kwako ku Joni sikuwasungira malo. Zaka zitatu kumudzi sizichedwa, mwanawe. Mwana ulowetse Sitandade 5, ukamati uphethire walemba mayeso a Sitandade 8. Mayi adzati chaka chino ndikolole kaye, chaka chamawa kuli chinkhoswe cha mng'ono wawo, chaka chinacho ndalama ya basi yalowa ku mpanda. Tsiku lodzati tiyeni tikaone bambo, adzalowa ngati alendo a masiku 30 m'dziko limene anawo anaphunziramo kuyenda. Mwana wa zaka 10 lero sadziwa chimene akutaya. Adzachidziwa ali ndi zaka 19, akufuna koleji kapena ntchito ku Joni, ndipo adzakufunsa iweyo.

Choncho musanamange katoni ndi imodzi yomwe, khalani pansi awirinu ndi kalendala. Lembani tsiku lotuluka. Gwirizanani kuti tchuthi chachikulu cha sukulu azidzakhala nawe ku Germiston, ndipo ndalama ya ulendowo izisungidwa padera, isamasakanizidwe ndi ya feteleza. Ndati kudzakhala, wamva? Alipo ena amangofika pa Musina, kuponda dothi, kugula mafuta ophikira ndi sopo, n'kutembenuka tsiku lomwelo ati tatsitsimutsa PR. Ine zimenezo sindiziombera m'manja. Chiphasocho anakupatsani poti mumakhala m'dzikomo, ndipo tsiku limene wina adzafunse mafunso mudzafunika kuonetsa moyo weniweni: adiresi, pepala la lendi, akaunti ya ku banki yoyenda, msonkho wa ku SARS wolipiridwa. Ngatinso mumtima muli maganizo odzapempha unzika wa South Africa, popeza Nyumba ya Malamulo yathu inasintha lamulo mu 2018 kulola Mmalawi kukhala nzika ya mayiko awiri, dziwa kuti kumeneko masiku okhala kunja amawawerenga mokhwima kuposa apa. Wofuna unzika sakhalitsa ku Lunzu.

Tsopano ndikufunse funso la azakhali, usandiyankhe mokweza. Wati katundu yense apite, mabedi omwe. Nanga iwe uzigona pa chiyani? Uziphikira mu chiyani? Kapena pali kwina kumene mphasa inayalidwa kale, ife osadziwa? Inetu mawu oti "ndizipitapita" ndinayamba kuwamva ndili mtsikana, ndipo ena amene anawanena tinadzawaona atabwera ndi imvi, ena m'bokosi, pambuyo pawo pali ana olankhula Chizulu amene palibe ankawadziwa. Sindikukunamizira kanthu. Ndikungoti siya bedi limodzi, mapoto awiri ndi ketulo, ndipo chipinda chimene utsalemo chikhale m'dzina lako, mayi akhale ndi kiyi wake. Zikuthandiza ku Home Affairs, zikuthandizanso kwa ankhoswe.

Mnzako wachinayi, wa pasipoti yoyenda yokha pa basi, ameneyo usamukhululukire msanga. Akukupatsa njira ya kundende. Chidindo chimanena kuti munthu uyu anaima pano tsiku lakuti. Chikadindidwa iwe uli ku Lunzu ukudya mbewa, chimenecho n'chinyengo, ndipo masiku ano kulowa ndi kutuluka kumalembedwanso mu kompyuta. Tsiku lina wa pa windo adzayang'ana chidindo, adzayang'ana kompyuta, ziwirizo n'kusemphana. Pamenepo nkhani ya zaka zitatu yatha, yayamba ya apolisi. Dalaivalayo adzakhala ali ku Harare akudya sadza, ndipo dzina lako adzakhala ataliiwala. Palinso chiopsezo chaching'ono chimene anthu sachiganizira, chakuti pasipotiyo ikhoza kungosowa m'njira. Ukadandaula kwa yani? Ukanena kuti unaipereka kuti akaichite chiyani?

Za VAT sitichedwapo. N'zoona kuti South Africa imabweza VAT yake ya 15% pa katundu wotuluka naye, koma imabwezera mlendo amene sakhala m'dzikomo. Iwe suli mlendo, ndipo ID yako yomwe ikuulula. Tayang'ana manambala 13 aja: ya nambala 11 ikakhala 0 ndiye kuti nzika, ikakhala 1 ndiye kuti mwini PR ngati iweyo. Sungavale chipewa cha mwini mudzi Lolemba, Lachiwiri n'kuvala cha mlendo chifukwa waona kandalama.

Tifike pa Mwanza, pamene mnzako wachiwiri akufuna ukalumbire zabodza. Iyeyu wagwirako choona pang'ono. MRA ili nacho chifundo kwa Mmalawi amene wakhala kunja nthawi yaitali ndipo akubwera kudzakhazikika: katundu wa m'nyumba amene wakhala akumugwiritsa ntchito amatha kulowa osalipira msonkho. Koma tamva mawu awiriwo, kudzakhazikika ndi kugwiritsa ntchito. Iwe sukudzakhazikika. Pakatha masabata awiri udzakhala uli pansi pa thiraki ku Germiston, pasipoti ikuchitira umboni. Amene akubwereradi kwawo ndi mayi a kunyumba, ndipo nkhaniyi iyendere kwa iwowo, moona, popanda kukongoletsa. Kubwerera kwawoko sikuwalanda PR tsiku lomwelo, pakuti MRA ikufunsa kumene akukakhala, pamene Home Affairs ikuwerenga zaka. Zonse ziwiri angathe kuyankha zoona osadzitsutsa. Iwe ndi amene ungadzitsutse.

Ndipo chifundo chimenechi sachipempha thiraki itaima kale pa chipata, dalaivala akuliza hutala. Lemberani a MRA mukadali ku Joni, likulu lawo lili ku Msonkho House ku Blantyre, kapena tumani ejenti wovomerezeka akafunse mapepala amene akufunika, nthawi imene katundu ayenera kufikira mwini wake atalowa, ndi zimene zikuloledwa panopa, popeza malamulo a msonkho amakonda kusintha ndi bajeti. Yankho mulilandire lolembedwa. "Anandiuza pa foni" si pepala. Safunsa anadya phula.

Mbaula ndi masola atsopanowo uwaike pamzere wawo, malisiti ali m'manja, ndipo uwanene kuti ndi atsopano. A kasitomu ndi amene akuuze chimene chili ndi msonkho ndi chimene chilibe. Ndikudziwa zimene anthu amachita: kutaya makatoni, kupaka mbaula mafuta ndi mwaye, kumata tepi pa TV kuti ioneke yotopa. Mwanawe, wa kasitomu wa pa Mwanza amaona mbaula zambiri pa sabata kuposa zimene iwe udzaone moyo wako wonse. Amatsegula uvuni, n'kupeza kabuku ka malangizo kakadali m'pulasitiki yake. Zikatero salinso pa mbaula yokha, akutsitsa thiraki yonse, ndipo ngakhale sofa lakale lija limene mwana anakodzerapo ayamba kulikayikira.

Chida chako chachikulu pa ulendo wonsewu ndi mndandanda. Katoni iliyonse ikhale ndi nambala yolembedwa mbali zonse. Pa pepala ulembe kuti katoni 7 muli mbale ndi makapu, katoni 8 muli nsapato za ana zakale, katoni 9 muli mabuku. Filiji, TV ndi makina ochapira ulembe mtundu wake ndi nambala ija ili kumbuyo, ulembenso mtengo woona wa chinthu chogwiritsidwa kale ntchito. Jambula chilichonse ndi foni chisanakwere. Mndandandawo uchulukitse, chifukwa maboda ndi atatu, Beitbridge, Nyamapanda ndi Zobue, ndipo iliyonse ili ndi mbali ziwiri. Mawu oti "zosiyanasiyana" usawalembe pa katoni iliyonse. Kwa wa kasitomu mawu amenewo amatanthauza kuti nditsegule.

Mbiri ikangomveka kuti mukusamuka, uona chikondi chimene sunachionepo. Abwera a kutchalitchi, abwera a kumudzi kwanu, aliyense ndi kaphukusi. "Achimwene, kameneka mukangowapatsira amayi pa Lirangwe, n'timankhwala chabe." Kaphukusi komata kale usakalandire. Atsegule pamaso pako, uone, ulembe. Chimene chili pa thiraki m'dzina lako ndi chako pamaso pa lamulo, kaya ndi mankhwala opanda chilolezo, kaya mafoni 20 okulungidwa m'matewera. Ndipo nsapato 40 zofanana, saizi zosiyana, palibe angakhulupirire kuti ndi za ana ako awiri. Amenewo ndi malonda, ndipo malonda ali ndi msonkho wake.

Tsopano matransipota. Ukawapeza pa yadi ina mu Johannesburg, thiraki itaima, pansi pali migolo, matayala, zidebe za mafuta ophikira, matumba a zovala omangidwa ndi tepi, pamwamba penipeni masofa a munthu wina atagadama miyendo kumwamba. Mnyamata wa kope ndi cholembera akulemba pa thumba dzina, mudzi ndi nambala ya foni, abwana ake ali pa foni ziwiri nthawi imodzi. Ukafunsa za msonkho akuyankha akumwetulira: "Musadandaule bigi, zonse ndi ine, inu mukangolandira pakhomo." Mawu amenewo ndi okoma, ndipo alipo ambiri amene amafikitsadi katundu bwinobwino. Koma funsa kuti "zonse" akutanthauza chiyani. Kwa ena akutanthauza ejenti, mapepala ndi lisiti la MRA. Kwa ena akutanthauza kangachepe ka mumdima, ndipo tsiku limene kangachepeko kakanidwa, wogwidwa ndi katundu wako.

Katundu wochoka ku Joni kupita ku Malawi, ku Zimbabwe ndi ku Mozambique amangodutsa. Amayenda ndi mapepala olonjeza kuti satsika m'njira, ndipo a ZIMRA amatha kumata thiraki ndi loko wawo woti asatsegulidwe mpaka pa Nyamapanda. Ndiye thiraki ya anthu 30 ikakhala ndi katoni imodzi yabodza, nonse mugona pa boda. Ngati thumba likulola, katundu wa nyumba yonse ayende payekha kapena ndi anthu ochepa owadziwa, pa mapepala a dzina la mayi. Mulembe pangano: nambala ya thiraki, dzina la dalaivala, mtengo, wolipira ejenti ndani, chikasweka kapena kusowa alipira ndani. Inshulansi ya katundu ifunse, usachite nayo manyazi. Ndalama usapereke yonse ku Joni, ina akalandire katundu atatsika ku Lunzu ndipo mwawerenga. Lisiti la MRA likhale m'manja mwanu, chifukwa kudutsa pa Mwanza si kufika, kutsogolo kuli Zalewa. Madobadoba a pa boda, aja amakuthamangira ndi "bwana tikuthandizeni" usanatsike n'komwe, uwapatse moni basi. Pasipoti imachoka m'dzanja lako kupita m'dzanja la munthu wa yunifolomu amene ali kuseri kwa windo.

Kunena za mapepala, imva bwino apa. Ziphaso za PR zonse zinayi, ma ID, mapasipoti, makalata a kubadwa a ana, setifiketi ya ukwati, zonsezi ziyende pathupi panu, m'kachikwama kolowa m'malaya. Alipo anaika zonse mu dilowa ya kabati poti m'mosungika, kabati n'kukwera thiraki, thiraki n'kufa giya pa Masvingo, eni ake ali pa windo ku Beitbridge manja lende. Musananyamuke kadinditseni makope ku polisi konko, ena musiye ku Germiston, ena mujambule musunge mu foni. Chiphaso cha PR chikatayika, kupempha umboni wina kumadzera ku VFS Global, ndipo kudikira kwake munthu amamera ndevu. Ngati ana adzayende ndi mayi okha tsiku lina, kalata yako yovomereza, yolumbirira, ikhale m'chikwama momwemo.

Kapikapu kali ndi nkhani yakeyake, ndipo uyenera kusankha: kakukacheza kapena kakusamuka? Ngati kakukacheza, kalowa dziko lililonse ndi chilolezo cha kanthawi, chija amati TIP, ndipo kayenera kutuluka masiku ake asanathe. Usakasiye ku Lunzu ndi nambala ya Gauteng kuti alamu ako azinyamulira matimati, chifukwa tsiku lokagwidwa adzaloza iwe. Ngati kakusamuka, kachotsedwe m'kaundula wa ku South Africa, katenge chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si kakuba, kenaka kakaonekere ku MRA ndi ku Road Traffic. Galimoto ili ndi malamulo ake pa chifundo chija, amayang'ana kuti ili m'dzina la yani ndipo inagulidwa liti, ndiye ngati kali m'dzina lako iwe wosabwerera, usawerengere zaulere. Ngati ngongole ya ku banki sinathe, popanda kalata ya banki sikatuluka n'komwe. Za inshulansi ya pamsewu, Yellow Card ya COMESA imagwira ku Zimbabwe ndi ku Malawi, koma Mozambique sali mu COMESA, kumeneko ugula yawo pa boda. Ma triangle awiri ndi chijekete chowala zikhale pafupi, apolisi a njira ya Tete amazikonda kwambiri.

Zitsulo za ntchito nazo wati zipite? Ndiye ku Germiston uzimasula mabawuti ndi mano? Ngati pali zina zimene ukungopita nazo kuti ukamangire geti n'kubwera nazo, monga makina owotcherera, uzilembetse kwa a SARS potuluka, ndi manambala ake, kuti pobwerera asadzakuyese wakagula kunja. Ndalama za m'thumba zili ndi malire ake pa munthu. Zoposa apo zidzere ku banki, osati m'sokosi.

Za kalongedzedwe ndingokutsina khutu. Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 1,700, kudzera Polokwane, Musina, Masvingo, Harare, Mutoko, Changara, kuwoloka Zambezi pa Tete kumene dzuwa limaotcha ngakhale mthunzi, kenaka Moatize mpaka Zobue. Filiji iyende choimirira, itamangidwa bwino, ndipo ikafika ipume maola angapo musanaiyatse. Botolo la gasi likhale lopanda kanthu. Matilesi akulungidwe m'pulasitiki, masofa afundidwe, chifukwa tenti ya thiraki imadontha pamene pali chinthu chodula. December muiwale. Pa Beitbridge nthawi imeneyo mzere umatalika mpaka munthu kuyamba kudziwana ndi azibale a anzake, ndipo mvula imakhala ili pakati. Nyamukani nyengo yozizira, mvula itatha. Kumbukanso kuti mapulagi a ku Joni ndi a mano atatu obulungira, pamene masoketi a kwathu ndi a mano a makona. Gula zolumikizira kapena usinthe mapulagi, kuti tsiku lofika, mudzi wonse utasonkhana kudzaona filiji ya zitseko ziwiri, isakangoima phee pakona. Ndipo ndikhulupirira magetsi analowa kale m'nyumbamo. Ndafunsa chifukwa mafiliji ena a ku Joni ndinawapeza akusunga mbale ndi ufa.

Mndandanda uja usautaye mukadutsa pa Mwanza, ntchito yake yaikulu ili pakhomo. Thiraki ikamatsitsa pafika manja ambiri othandiza, ndipo katoni ina ikhoza kuthandizidwa mpaka kuseri kwa nyumba ya eni. Mayi aime pakhomo ndi pepala, azichonga imodziimodzi. Mphatso za abale muziike m'katoni yakeyake yolembedwa, kuti amalume akayamba kusisita TV n'kumati "iyi ndiye yandikwana", mukhale ndi chowapatsa m'malo mwake.

Kalatayi uwapatse mayi a kunyumba awerenge okha ndi maso awo. Usachite kuwawerengera iwe, ndikukudziwa, udumpha ndime ya mphasa ija.

Ndine,
Azakhali ako